Mbiri ya Mikangano ya Bola mu Lusaka

Njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, inadutsa m'dziko la Asoli ndi Alenje mu 1905, ndipo omanga anaika kasiteshoni pafupi ndi mudzi wa nyakwawa Lusaaka. Malowo analibe chokopa munthu. Kunali thengo, miyala, matope m'dzinja ndi fumbi m'chilimwe. Koma mu 1935 boma la atsamunda linasamutsa likulu la Northern Rhodesia kuchoka ku Livingstone kudza pano, ndiye anthu anayamba kukhamukira kuno. Ambiri anachokera kum'mawa, ku Fort Jameson, Katete ndi Petauke, ena kutsidya ku Nyasaland. Anadzakhala makalaliki, amesenjala, apolisi, asilikali, omanga nyumba ndi ophikira azungu. N'chifukwa chake Chinyanja chinazika mizu mumzinda umene eni nthaka ake amalankhula zina.

Anthu amenewa anali alendo okhaokha. Anawaika m'makomboni, ena m'tinyumba tozungulira taudzu ta ku Kabwata, timene totsala take tikuoneka mpaka lero pa mudzi wa zachikhalidwe wa kumeneko. Pambuyo pake kunabwera Chilenje ndi Matero. Munthu wa ku Lundazi ankapezeka atagundana khomo ndi Mlozi, Mtonga kapena Mbemba, opanda mfumu imodzi, opanda gule mmodzi, opanda manda amodzi. Chimene onse anatha kuchikamba popanda womasulira chinali bola.

Mpira unafika m'dziko muno ndi amishoni, asilikali ndi azungu a m'migodi. Bungwe loyendetsa mpira linakhazikitsidwa mu 1929, koma linali la azungu, ndipo anthu akuda ankasewera paokha, pa mabwalo a dothi, osavala nsapato. M'matauni ndalama zothandizira masewero a anthu akuda zinkachokera ku phindu la mowa wa m'mabiyaholo a boma. Bambo ankamwa mowa wake madzulo, kakobiri kena ka mowawo n'kukagula mpira umene mwana wake adzamenye Loweruka. Akuluakulu amati matimu oyamba a m'makomboni ankasonkhana motsatira kumene anthu anachokera kapena kumene ankagwira ntchito, ndipo masewero ambiri sankatha bwino, chifukwa woyimbira akalakwitsa pang'ono ankathawira kwawo wisilo ili m'manja. Ana nawo ankakulunga nsanza ndi luzi, n'kumamenya mpaka dzuwa kulowa.

Mtima wa mpira sunali ku Lusaka ayi. Unali ku migodi ya mkuwa: ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Makampani a migodi anaona kuti mnyamata amene watopa ndi bola saganiza msanga za sitalaka kapena ndewu, choncho anamanga mabwalo, anagula yunifomu, nalemba ntchito osewera aluso. Timu ya pa mgodi inali ya komboni yonse. Mkazi wa goloboyi ankatunga madzi pampope umodzi ndi mkazi wa sapota, ndipo timu ikagonja nkhani inkafika mpaka pa mtondo. Lusaka analibe zoterozo. Anali mzinda wa maofesi, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kwaumba makambidwe a mpira kuno mpaka lero.

Chinthu chimodzi chimene Lusaka anali nacho kuposa migodi chinali wayilesi. Nyumba youlutsira mawu inayamba kuno m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, kooneka ngati sefuliya, kogulidwa mapaundi 5. Nyumba imene inali nako inkasanduka bwalo. Aneba ankabwera ndi timipando tawo, mwini nyumba n'kumayang'anira batire ngati diso lake. Apa m'pamene panabadwira sapota wa mtundu watsopano, amene amadziwa timu yonse ndi maina, amadziwa amene amamenya ndi mwendo wamanzere, koma sanaionepo ndi maso.

Mu 1962 kunayamba ligi ya dziko lonse imene azungu ndi anthu akuda ankasewera pamodzi, ndipo oyamba kuitenga anali a Roan United a ku Luanshya. Chaka chotsatira inapita ku Mufulira Blackpool. Koma mu 1964, chaka chimene mbendera ya Zambia inakwera pa 24 Okutobala, ligi inabwera ku likulu. Anaitenga a City of Lusaka, timu ya mizeremizere yakuda ndi yoyera ya pa bwalo la Woodlands. M'timuyo munali Jackie Sewell, Mngelezi amene mu 1951 anagulidwa ndi Sheffield Wednesday pa mtengo umene sunamvekepo ku England nthawi imeneyo, ndipo anadzavalanso malaya a Zambia. City ya Moto, monga amaitchulira masapota ake, ndiyo inayandikira kwambiri kukhala timu ya mzinda wonse. Mdala wa ku Libala kapena ku Chilenje amene anakula m'zaka zimenezo, ukamufunsa za City, amayamba ndi kupukusa mutu, kenako salekeza. Chikho cha ligi sichinabwererenso ku City kuchokera chaka chimenecho, ndipo timuyo yakhala ikukwera ndi kutsika. Ine ndimaona kuti kufooka kwa City ndiko kutaya kwakukulu kumene mpira wa mu Lusaka unakumana nako, chifukwa malo amene inasiya palibe anawadzaza.

Zaka zotsatira zinali za Mufulira Wanderers ya Samuel "Zoom" Ndhlovu ndi Kabwe Warriors ya anthu a njanji, timu ya Godfrey Chitalu, amene anagoletsa zigoli 107 m'chaka cha 1972 chokha. Anamutcha Ucar, dzina la mabatire amene ankadziwika kuti satha msanga. Anthu ambiri a mu Lusaka zigolizo anazimva m'makutu, kudzera m'mawu a Dennis Liwewe. Bamboyu anabadwira ku Nyasaland mu 1936, nadzagwira ntchito yolemba nkhani ku migodi, kenako n'kukhala liwu la mpira wa Zambia. Ankaulutsa m'Chingelezi, koma ngakhale agogo osadziwa Chingelezi ankadziwa kuti zinthu zafika pati, chifukwa mpira ukamayandikira golo mawu ake ankathamanga ndi kukwera mpaka kusweka. Ndiye amene anafalitsa dzina lakuti KK Eleven, potengera Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene sankasowa pa bwalo ndi kansalu kake koyera m'manja. TV itafala, ambiri amakumbukira kuti ankatsitsa mawu ake n'kutsegula wayilesi, kuti maso aone chithunzi koma makutu amve a Liwewe. Mu 1974 timu ya dziko inafika mu fainolo ya Africa ku Cairo, inafanana mphamvu ndi Zaire 2-2, n'kugonja 2-0 pobwereza.

M'zaka zomwezo Lusaka anapezanso akatswiri, koma a mtundu wina. Timu ya asilikali, imene poyamba inkangotchedwa Zambia Army kenako Green Buffaloes, inatenga ligi mu 1973, 1974, 1975, 1977, 1979 ndi 1981. Inali timu yolimba, yokhala ndi anthu ngati Dick Chama kumbuyo. Koma inali ya kubalaki. Red Arrows inali ya asilikali a ndege, Nkwazi ya apolisi, Zanaco ya banki, Profund Warriors, imene lero ndi NAPSA Stars, ya bungwe la penshoni. Wosewera ankalandira ntchito ndi nyumba, zimene zinali zabwino kwa iye ndi banja lake. Koma munthu wa ku Kaunda Square amene si msilikali, si wapolisi, ndipo alibe ndi akaunti yomwe ku banki, akanaikonda bwanji timu yotero ndi mtima wonse? Ankapita kukaonera, inde, koma nthawi zambiri ankapita kukaona alendo.

Masiku amenewo ligi inkayamba mu Marichi, mvula ikamatsazika, ndi kutha chakumapeto kwa chaka. Mabwalo ankakhala obiriwira, udzu wautali m'mphepete, chimanga chachiwisi chikuwotchedwa pa geti. Sabata zoyamba zinali zokoma kuposa zonse. Aliyense anali ndi chiyembekezo, tebulo la ligi linali lisanapatule amuna ndi anyamata, ndipo Lolemba m'mawa Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail inkawerengedwa kuyambira kumbuyo. Nyuzi imodzi inkazungulira ofesi yonse, kuchoka kwa bwana kufika kwa mesenjala, ndipo pa nkhani ya bola mesenjala ankatha kutsutsa bwana maso ndi maso popanda kuopa kuchotsedwa ntchito.

Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo kuyambira pamenepo moyo wa ku migodi unayamba kutsika pang'onopang'ono. Chodabwitsa n'chakuti mpira wa kumeneko unafika pachimake m'zaka za mavuto zomwezo, chifukwa ZCCM, kampani ya boma imene inapangidwa mu 1982, inapitiriza kudyetsa matimu. Nkana Red Devils inatenga ligi kasanu ndi kanayi pakati pa 1982 ndi 1993. Mu 1990 inafika mu fainolo ya akatswiri a mu Africa n'kugonja pa mapenate kwa JS Kabylie ya ku Algeria, pa bwalo la Independence kuno ku Lusaka. Chaka chotsatira Power Dynamos inatenga chikho cha Africa cha matimu opambana zikho. Kalusha Bwalya, mwana wa ku Mufulira, anali atagoletsa kale zitatu pamene Zambia inakwapula Italy 4-0 pa masewero a Olympic a mu 1988. Mwana wa mu Lusaka wa zaka zimenezo, posankha timu, maso ankaloza kumpoto. Kuchokera 1982 mpaka 2001 palibe timu ya likulu imene inatenga ligi.

Nthawiyi n'kuti mzinda ukutambasukira kum'mawa, motsata Great East Road. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, bwalo la ndege latsopano mu 1967, ndipo kumene kunali mapulazi ndi tchire kunamera Chelstone, Kaunda Square ndi Avondale. Ku Avondale kunakhazikika anthu a malipiro apakati ndi apamwamba pang'ono, ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani, okhala m'nyumba za mipanda. Mpanda umasintha kakambidwe ka nkhani. Ku komboni mkangano wa bola umayambira pa khonde n'kukokera msewu wonse. Ku Avondale unayenera kufunafuna pokhala: pa kantemba, kometera tsitsi, m'bala la pa mashopu, pa khomo la tchalitchi mapemphero atatha, ndi m'minibasi yopita ku tauni.

Msewu womwewo unaona tsiku loipitsitsa m'mbiri ya mpira wa dziko lino. Usiku wa pa 27 Epulo 1993 ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo, imene inanyamula timu ya dziko kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal, inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. Munali goloboyi Efford Chabala, Wisdom Chansa, Kelvin Mutale, Derby Makinka, ndi makochi Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Ligi ya chaka chimenecho inali itangoyamba kumene. Anthu amene sabata yapitayo ankakangana za amene ayenera kuvala nambala 9 anapezeka ataima m'mbali mwa msewu wochokera ku bwalo la ndege, akuona mabokosi akudutsa. Amene anali ku Chelstone ndi ku Avondale tsiku limenelo amasimba kuti amayi anayala zitenje pansi n'kumalira ngati maliro a m'nyumba mwawo. Anawaika kunja kwa bwalo la Independence, pamalo otchedwa Heroes Acre. Kalusha, amene anapulumuka chifukwa ankachokera ku PSV Eindhoven payekha, anatsogolera timu yatsopano mpaka mu fainolo ya Africa ya 1994 ku Tunis, kumene Nigeria inapambana 2-1.

Kenako zinthu ziwiri zinagwa pa nthawi imodzi. Migodi inagulitsidwa, ntchito imene inatha mu 2000, ndipo eni atsopano sanafune kusenza matimu monga inkachitira ZCCM. Mabanja zikwizikwi anachoka ku Kitwe, Luanshya ndi Mufulira kudzasaka moyo ku Lusaka. Anabwera ndi Chibemba chawo, ndi chikondi chawo cha Nkana, Power ndi Mufulira Wanderers. Lero Nkana ikabwera kudzasewera ku likulu, mbali yofiira ya bwalo imadzaza kuposa ya eni khomo, ndipo ambiri mwa ovala zofiirawo sanakwere basi kuchokera ku Kitwe, angochokera ku Chawama, Mtendere ndi Chelstone. Chachiwiri chinali dishi. Premier League ya ku England inayamba mu 1992, DStv inafika chapakati pa zaka zimenezo, ndipo nyumba zoyamba kukhala ndi madishi zinali za ku Kabulonga, Woodlands ndi madera onga Avondale. Mabala anatsatira. Mwana amene anakula akuona Manchester United ya Alex Ferguson ndi Arsenal ya Arsène Wenger pa chithunzi chowala, Loweruka lililonse, sanaonenso chifukwa chokakhalira pa simenti yotentha ya pa bwalo.

N'zomvetsa chisoni kuti nthawi imene masapota anatembenukira ku England ndi yomwe matimu a mu Lusaka anadzuka. Zanaco inatenga ligi mu 2002, 2003, 2005, 2006, 2009, 2012 ndi 2016, Red Arrows mu 2004. Anapambana pamaso pa mipando yambiri yopanda anthu. Chimene chinkasonkhanitsabe mzinda wonse chinali Chipolopolo yokha, timu ya dziko. Pa 12 Febuluwale 2012, mu Libreville momwe muja, timu ya Hervé Renard ndi kaputeni Christopher Katongo inagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate, Stoppila Sunzu n'kumenya yomaliza. M'mawa mwake Great East Road inadzazanso anthu kuchokera ku bwalo la ndege mpaka ku Showgrounds, ndipo ambiri amene anaima pamenepo anali ataimanso pomwepo mu 1993. Dennis Liwewe anachiona chikhocho asanamwalire mu Epulo 2014, chaka chimene bwalo la National Heroes linatsegulidwa pafupi ndi manda a anyamata aja.

Kusintha kumene ambiri sakulabadira, koma kumene ine ndimakuona kuti n'kwakukulu, kunachitika mu 2019. Pofuna kugwirizana ndi kalendala ya mpira wa mu Africa, ligi ya Zambia inaleka kuyamba mu Marichi. Tsopano imayamba cha mu Ogasiti ndi kutha mu Meyi, itatsegulidwa ndi Charity Shield imene ili ndi dzina la Zoom Ndhlovu. Ogasiti ku Lusaka ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi, udzu wofiira, mabwalo ouma gwa. Choposa apo, ndi mwezi womwe Premier League imayamba. Kale ligi yathu inali ndi miyezi yake yokha, makamaka Juni ndi Julayi, pamene ku England kunali zii ndipo sapota analibe kwina kopita. Tsopano ziwirizi zimanyamuka pamodzi, kutha pamodzi, ndipo masewero a kuno a 3 koloko masana amatha pamene a ku England akuyamba kapena ali mkati. Munthu amene ali ndi ndalama ya minibasi ndi ya pa geti, kapena ya mabotolo awiri pa bala lokhala ndi jenereta, amasankha mosavuta.

Loweruka la kumayambiriro kwa ligi, kometera tsitsi ku Avondale, zimamveka chonchi. Wometa waimitsa mashini, mutu wa kasitomala uli theka. Mnyamata wovala jezi ya Arsenal akuti, "Amdala, chaka chino n'chathu, mwaona mmene tinamenyera dzulo?" Mdala amene akudikira pa benchi, nyuzi itapindidwa pa bondo, akuyankha kuti, "Iwe mwana, magemu awiri okha wayamba kale kuyeza chikho? Dikira mvula igwe." Wina pakona sakuyankhula, maso ali pa foni, akuwerenga kapepala ka kubetcha kamene kafa chifukwa cha timu imodzi ya ku Italy. Wina akufunsa ngati Nkana yagula sitiraika, ndipo apo mkangano ukusanduka Chibemba. Bwalo la Nkoloma, kwawo kwa Red Arrows, lili pafupi, mbali yomweyo ya mzinda. Timuyo inatenga ligi mu 2022 ndi 2024. Koma m'chipindamo mungathe ola lathunthu osamva dzina la wosewera wake mmodzi.

Kuweruza chaka chonse ndi magemu awiri si matenda a ku Lusaka kokha. Ku America ligi yaikulu ya baseball imayamba kumapeto kwa Marichi, timu iliyonse ili ndi magemu 162 kutsogolo, koma ikangogonja atatu otsatizana kwa mdani mmodzi masapota amayamba kufuna mutu wa kochi. Kuno matimu 18 amasewera magemu 34, ndipo makochi ena amachotsedwadi mvula isanagwe. Mkangano wa sabata zoyamba uli ngati wa alimi poyang'ana chimanga chongomera: aliyense amaona nkhokwe yodzaza m'munda mwake ndi njala m'munda wa mnzake. Chimene chasintha ndi ndalama. Mashopu a kubetcha ndi mafoni zabweretsa sapota amene sakonda timu iliyonse, amangofuna kuti zigoli zipitirire ziwiri. Ndimaona anyamata akutukwana wosewera amene sakumudziwa n'komwe chifukwa wawadyera makwacha 20, ndipo zimenezi sindiziyesa chikondi cha bola. Mawayilesi a anthu wamba, monga Radio Phoenix imene inayamba mu 1996, anatsegula mafoni kuti sapota aziyankhula yekha pa mphepo, ndipo magulu a WhatsApp anamaliza ntchitoyo, moti mkangano umene kale unkadikira Lolemba tsopano umayamba woyimbira asanaimbe wisilo yomaliza.

Pali zina zimene zabwezera maso kumudzi. Mu 2017 timu ya anyamata osapitirira zaka 20 inatenga chikho cha Africa pa National Heroes, itagonjetsa Senegal 2-0, ndipo awiri mwa iwo, Patson Daka ndi Enock Mwepu, analowa mu Premier League mu 2021, wina ku Leicester City, wina ku Brighton. Mabala a ku Avondale anayamba kupempha magemu a matimu amene kale palibe ankawaonera. Mwepu analeka kusewera mu Okutobala 2022 chifukwa cha vuto la mtima, ali ndi zaka 24, ndipo sabata imeneyo masapota a United, Chelsea ndi Liverpool anayankhula mawu amodzi.

Kusintha kwenikweni kwabwera ndi atsikana. Barbra Banda, mwana wa mu Lusaka amene anadutsa ku Green Buffaloes ya amayi, anagoletsa zitatu zitatu m'magemu awiri otsatizana pa Olympic ya ku Tokyo mu 2021. Copper Queens, timu ya dziko ya amayi, inasewera World Cup mu 2023. Mu 2024 Racheal Kundananji anagulidwa ndi Bay FC ya ku America pa mtengo umene unaposa wa mkazi aliyense wosewera mpira nthawi imeneyo, ndipo Banda anatenga ligi ya kumeneko ndi Orlando Pride, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa amayi mu Africa. Ligi ya amayi ya ku America imayamba mu Marichi, ndipo magemu ake ambiri amafika kuno pakati pa usiku kapena mbandakucha. M'nyumba za ku Avondale ndi Chelstone muli atsikana a sukulu amene amatchera alamu kuti aone, magetsi akalola, ndipo m'mawa m'minibasi ya ku Kulima Tower amatsutsana ndi makondakitala za amene anayenera kupatsira mpira kwa Banda. Amayi amene kale ankangotumidwa kukaphika nsima bola ikayamba, tsopano amafunsa okha kuti Copper Queens isewera liti, ndipo ikasewera ku National Heroes amakwera minibasi ndi ana awo kupita ku bwalo.